Kodi dzina loti nkandankhuku limatanthauza chiyani?

Akuluakulu ndithandizeni. Agogo anga aakazi kuno ku Muona akamudandaula munthu wokoma pakamwa koma wovuta kukhala naye, amati "ameneyo ndi nkandankhuku". Ine ndakulira masau, malambe ndi bwemba, ndiye ndinkangoyesa ndi mawu otukwana a Chimang'anja. Dzana ndi pomwe andiuza kuti ndi chitsamba cha zipatso. Nanga nkhuku ikulowapo bwanji?

Wa ku Thekerani: Achimwene, kwanu kuchigwako simungachione, sichifuna dzuwa lanulo. Chimamera kuno kumapiri, m'mbali mwa mitsinje ndi m'mphepete mwa nkhalango. Chimayanga ngati mpanda, minga yake yokhota ngati mbedza. Kachipatso kake n'kofanana ndi mabulosi, timibulu tothithikana, ukakafinya pang'ono kaphwanyika. Tili ana tinkabwerako manja ali mikwingwirima yokhayokha. Dzinalo ndi kukanda basi: ngakhale nkhuku, ndi nthenga zake zonse, ikalowamo imatuluka itakandika.

Mayi wa ku Ngabu: Bambo a ku Thekerani, kwathu amayi ankati mpandankhuku. Ndiye kupanda kwake kuti, komenya kapena kosowa? Ine ndimati komenya. Mizu yake ankaiwiritsa n'kupatsa munthu wotsegula m'mimba, ankachita kuitanitsa kwa achibale a kumtunda pamodzi ndi nthochi.

Wa ku Nchalo: Zomwe amagulitsa anyamata pa phiri la Zomba, zachikasu zija amati mulunguzi, si zomwezo?

Wa ku Thekerani: N'zapachibale. Zachikasuzo kwawo ndi ku Asia, kumapiri a Himalaya, zinachita kubwera. Ziliponso zina zomwe zimada zikapsa.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ine ndatsamira kwa a ku Thekerani, chifukwa zikugwirizana ndi momwe agogo amalitchulira: chipatso chotsekemera, koma kuti uchifikire usiyepo khungu. Wina wandilembera kumbali kuti ndi chimodzimodzi ndi "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere". Pamenepo ndakana. Nkhuyu imakubisira nyerere, pomwe nkandankhuku minga yake ili poyera, umalowamo ukuiona. Ndawafunsa agogo kuti iwo anachidziwira kuti chitsamba cha kumapiri. Aseka, ati agogo aamuna anatsika kuchokera ku Thyolo kudzafunsira mbeta, ndipo agogo aamunawo ndi amene anayamba kuwatchula agogo aakaziwo dzinalo.