Kodi mbendera ya Brittany inapeza kuti mphamvu?

Nabanda:
Pa mpikisano wa njinga wa Tour de France pamaoneka kawirikawiri mbendera ya mizere yakuda ndi yoyera, yokhala ndi timadontho takuda pakona yakumtunda. Ndamva kuti ndi ya chigawo cha Brittany, kumpoto chakumadzulo kwa France, ndiponso kuti palibe lamulo la dzikolo limene linaikhazikitsa. Kodi mizereyi ikuimira chiyani, nanga zimatheka bwanji kuti mbendera yopanda lamulo ikhale ya anthu onse?

Gama wa ku Zomba:
A Nabanda, mbenderayo dzina lake ndi Gwenn-ha-du, ndipo anaijambula ndi Morvan Marchal m'chaka cha 1923. Mizere yake ilipo 9, ndipo ikuimira madayosizi akale a chigawocho. Mizere 4 yoyera ndi ya Léon, Trégor, Cornouaille ndi Vannes, kumadzulo kumene anthu ankayankhula chinenero cha Breton, pamene 5 yakuda ndi ya Rennes, Nantes, Dol, Saint-Malo ndi Saint-Brieuc, chakum'mawa kumene kunkamveka chinenero cha Gallo. Timadonthoto tikuimira ubweya wa kanyama kotchedwa ermine, chizindikiro cha olamulira akale a Brittany. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ambiri ankainyansidwa mbenderayi chifukwa ena mwa oikweza anagwirizana ndi asilikali a Germany, ndipo inayambanso kukondedwa cha m'ma 1960 ndi 1970, oimba ndi ochita zionetsero atayamba kuinyamula.

Mayi Chisale:
Bambo Gama afotokoza bwino, koma nkhani yeniyeni yagona pa mzere wa Nantes. Lero mzinda umenewu suli m'chigawo cha Brittany monga momwe boma la France linadulira malire. Uli ku Pays de la Loire, ngakhale nyumba yachifumu ya olamulira a Brittany ili pakati penipeni pa mzindawo. Choncho aliyense wokweza mbenderayi, kaya akudziwa kaya sakudziwa, akunena kuti Nantes ndi kwawo. Mbendera ya boma singayerekeze kutero, chifukwa imatsata mapu a boma. Ine ndikuona kuti mphamvu yake ikuchokera pamenepo, pakuti ikusunga malire amene anthu amakumbukira, osati amene anasainidwa mu ofesi.

Kachingwe:
Ndikugwirizana nanu pang'ono chabe, Mayi Chisale, chifukwa mbendera zina zotere zilibe mkangano wa malire koma zinazika mizu ndithu. Ya Cornwall, ku England, ndi mtanda woyera pansalu yakuda basi. Amaitcha ya Piran woyera, mtetezi wa okumba chitsulo cha tini, ndipo amati kuyerako ndi tini wosungunuka akutuluka mumwala wakuda. Komabe zolembedwa zakale zimene zimadziwika zotchula mbenderayi ndi za Davies Gilbert m'chaka cha 1838, zaka zoposa 1,000 kuchokera pa nthawi ya Piran, ndipo iyenso nkhani ya tiniyo anailemba mongoganizira. Anansi awo a ku Devon ndiye sanavutike n'komwe ndi mbiri: m'chaka cha 2003 anasankha yawo pa voti ya pa intaneti imene inakonzedwa ndi BBC, yobiriwira yokhala ndi mtanda woyera wa m'mphepete mwakuda, ndipo lero imaoneka pa magalimoto ndi pa zipata za mafamu m'dera lonselo.