Matewera ochapa m'dzinja muno, alipo akukwanitsa m'tauni?

Amake awiri, Area 25

Amayi anzanga, ndi abambo amene mumangowerenga osayankha, chaka chabwino chatsopano.

Pa 31 ife sitinapite kukachezera kutchalitchi chifukwa khanda langokwanitsa miyezi iwiri. M'malo mwake tinakhala pansi ndi bambo akunyumba, kope patebulo, n'kumalemba zomwe tikufuna kuti zichitike pakhomo pano chaka chino. Tinagwirizana zitatu: kutseka kabuku kathu ka ngongole pa okala, kumalipira fizi ya wamkulu teremu isanayambe, ndi kumaponya masheya ku banki m'khonde mosadumphitsa, kuti pogawana mu Disembala nafenso tidzanyamule kanthu kooneka. Kulemba kunali kosavuta. Pofufuza koti ndalama zake zichokere m'pamene madayapa anatulukira, ali pamwamba pa makala ndi ndiwo zomwe.

Onani masamu ake. Khandali likusintha madayapa ngati 8 patsiku, ndiye kuti 240 pamwezi. Akamakula amatsika kufika 5 kapena 6, komabe pomadzakwanitsa zaka ziwiri adzakhala atatha opitirira 4,000. Choipa china, ife sitigula chipaketi chachikulu ku Chipiku kapena ku Sana. Timatapa awiri, atatu pa okala, ndipo kagulidwe kameneko ndi komwe kamadula kwambiri. Wamkulu anabadwa mu 2021, nthawi imeneyo mtengo unali wopiririka. Kwacha inagwa mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wochokera kunja ngati ameneyu sanabwererenso pansi.

Apongozi anga pobwera kudzaona mwana ali m'chikuta anandipatsa matewera athaulo 12, mapini ake ndi timakabudula tapulasitiki tiwiri. Zonse zikadali m'sutikesi. Ndikufuna ndizitulutse, koma ndili ndi mafunso. Kodi 12 ndi okwanira? Mumaumitsa bwanji ndi mvula ya Januwaleyi? Sopo ndi bilu ya madzi sizidya zonse zomwe munthu wapulumutsa? Nanga usiku mumatani? Tchuthi changa chikutha kumapeto kwa mwezi uno, mwana azitsala ndi mng'ono wanga, ndipo sindikufuna kumusenzetsa mtolo woti azindida nawo.

Agogo a pa Chinamwali

Mwana wanga, tulutsa matewerawo lero lomwe. Ine ndalera asanu ndi mmodzi, onse a thewera la nsalu, ndipo apongozi ako akudziwa chomwe anakupatsira.

Khumi ndi awiri ndi ochepa kwa khanda, makamaka dzinja lino. Ufike pa 20 kapena 24, kuti ena akakhala pachingwe, ena ali m'ndowa, ena ali okonzeka. Panopa uli ndi mwayi poti mwana akuyamwa bere lokha. Chimbudzi cha mwana woyamwa mwakathithi chimachoka ndi madzi mosavuta. Akadzayamba phala pa miyezi 6 zidzasintha, ndiye uzidzayala kansalu kopyapyala mkati mwa thewera, ka chitenje chakutha kapena ka malaya akale. Kansaluko ndi komwe kamalandira zonse, iwe n'kukakutumulira m'chimbudzi. Ndati m'chimbudzi, osati kuseri kwa nyumba kapena m'ngalande. Anthu amati chimbudzi cha khanda n'chosaopsa, koma ndi bodza limenelo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatiphunzitsa, paja mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira Januwale ameneyo. Ukatha kusintha mwana, sopo m'manja.

Ukhale ndi ndowa yakeyake yokhala ndi chivundikiro, ndipo izikhala poti wamkuluyo sangafikire, ana amagweramo chamutu. Thewera likachoka pathupi, litsukuluze, uliponye m'ndowamo. Uzichapa m'mawa uliwonse, osaunjika. Sopo wamtanda ndi wokwanira. Chachikulu n'kutsukuluza mpaka thovu litatheratu, chifukwa sopo wotsalira ndi amene amasupula mwana, kenako anthu n'kumanamizira thewera. Jik si wa tsiku lililonse, amadya nsalu. Dzuwa limayeretsa lokha.

Tsopano imva ichi, chifukwa ndi chomwe atsikana a masiku ano sachidziwa. Nyengo ino ya mango ndi ya mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira pa chovala chonyowa, makamaka chomwe chayanikidwa pa udzu, pansi kapena pamthunzi, ndipo imakonda fungo la mkodzo. Mwana akachivala, mphutsi imalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Ndiye thewera liziyanikidwa pachingwe, ndipo lisafike pathupi pa mwana lisanasitidwe mbali zonse ziwiri. Magetsi akathima, simbi yamakala ilipo. Kukachita mvumbi, manga chingwe pakhonde kapena m'nyumba pafupi ndi windo, simbi imalizitse kuumitsa. Osayanika pamwamba pa mbaula.

Amake mapasa, Ndirande

Agogo anena zoona, koma ine ndinene mbali inayo, asisi, kuti musadzati sitinakuuzeni.

Ine ndinayesa ndi mapasa anga, ndipo sindinapitirize tsiku lonse. Madzi timagula pa kiyosiki, ndowa iliyonse ndi ndalama, kuwonjezera kusenza. Chingwe pa lendi pano n'chimodzi mabanja anayi. Mukadzaza matewera kuyambira uku mpaka uko, anzanu ayamba kuyankhula, ndipo salakwa. Ndiye funso lanu la madzi yankho lake lili pakhomo panu. Ngati mpopi uli panja pa nyumba yanu ndipo madzi amatuluka, mupulumutsa ndithu. Ngati mumagula pandowa, werengani kaye.

Chomwe ndinakhazikika nacho ndi ichi: masana thewera, usiku dayapa, ndiponso popita kusikelo, kutchalitchi kapena pamaliro, dayapa. Kukwera minibasi ndi mwana wa thewera lansalu, kabudula wapulasitiki n'kudontha pamwendo pa munthu wosamudziwa, ayi ndithu. Ngakhale choncho, m'malo mwa madayapa 8 mugula awiri patsiku, pamwezi 60 osati 240. Imeneyo si ndalama yochepa.

Za mng'ono wanuzo, mufunseni mwini wake, musamuganizire. Kulera khanda tsiku lonse ndi ntchito kale.

Telala wa pa Mchesi

Mayi, ine ndi bambo, koma ndiyankhe mbali yanga ya ntchito. Matewera 12 owonjezerawo musagule atsopano m'shopu. Pitani pa kaunjika, kaya ku Tsoka kaya pa Nsungwi pomwepo, musankhe mathaulo akuluakulu a thonje lokhalokha. Akhale okhuthala pang'ono koma osati kwambiri, okhuthala kwambiri saumanso. Onyezimira aja, oterera m'manja, asiyeni, samwa madzi. Thewera lenileni limakhala masentimita 60 mbali zonse, ndiye thaulo lalikulu losambira limatulutsa awiri. Telala aliyense adula n'kupinda m'mphepete kuti lisasomphoke. Mukafika nawo kunyumba muwachape ndi madzi otentha musanamuveke mwana.

Timakabudula tapulasitiki ndi tomwe timatha msanga. Musatiyanike padzuwa lamphamvu kapena kutisita, timauma n'kung'aluka. Lasitiki ikamasiya mzere wofiira pantchafu, kachepa kameneko.

Kwathu wochapa matewera a m'mawa ndinali ine, ndisanapite kukatsegula mashini, chifukwa mayi akunyumba amakhala atachezera kuyamwitsa. Anzanga ankandiseka kuti ndadyetsedwa. Amene ankasekawo ndi omwe ankabwera kudzandibwereka ndalama ya Pampers pakati pa mwezi. Abambo akunyumba kwanuko anasainira nawo m'kope muja, ndiye muwawerengere ndime iyi.

Mlongo wanu ku Cape Town

Kuno kuli matewera ochapa amakono, osokedwa ngati dayapa, okhala ndi mabatani ndi kathumba kolowetsamo nsalu yomwa mkodzo. Mabatani ake amasunthika, ndiye limodzi lomwelo mwana amakula nalo. Ndi okongola komanso osavuta kwa munthu wosazolowera kupinda thewera, koma kugula koyamba n'kowawa, ndipo nsalu zamkatizo zimachedwa kuuma kusiyana ndi thaulo loti mwalitambasula. Kunja kwake sikusitidwa, kumasungunuka, ndiye pa nkhani ya mphutsi ija a apongozi anuwo akuposa.

Mu 2018 kuno madzi anavuta mpaka munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Kunyumba komwe ndinkalera mwana sitinasiye matewera ochapa, tinangophunzira kusataya madzi. Otsukuluzira komaliza tinkanyikiramo matewera a mawa lake, ena n'kuthira m'chimbudzi. Yesani zimenezo, bilu siikwera kwambiri.

Amake awiri, Area 25

Zikomo nonse. Agogo, za mphutsi mwandithandiza, chingwe chathu chili pansi pa mtengo wa mango ndendende, ndiye Loweruka chisamukira poyera.

Tinakambirananso usiku wathawu, ndipo tatsatira njira ya amake mapasa: masana thewera, usiku ndi paulendo dayapa. Mpopi tili nawo pakhomo. Ndime ya atelala ndinawawerengera bambo akunyumba mokweza, kawiri. Anaseka, kenako anati iwo atenga kusita madzulo, poti ndi kale amasita malaya awo akuntchito. Kuchapa ndi kwanga m'mamawa ndisananyamuke. Mng'ono wanga ntchito yake ingokhala kusintha mwana, kutsukuluza ndi kuanula mitambo ikada. Ndamufunsa, wavomera, koma wati mapini akumuopsa, ndiye apongozi akubwera Lamlungu kudzatiphunzitsa tonse kapindidwe ndi kabayidwe kake. Pafoni anangoti, "Ndimadziwa kuti mudzawafuna."

Pali china chomwe ndawonjezera ndekha m'kope muja. Ndalama yoti sunagule nayo chinthu siioneka, imangothera mu tomato ndi mayunitsi, mwezi n'kutha osadziwa kuti unapulumutsa chiyani. Ndiye ndati ya madayapa 6 omwe sitizigulawo iziperekedwabe tsiku lililonse ngati kale, koma izipita ku Mpamba ya nambala yanga ina yomwe simu yake imakhala m'sutikesi. Sopo wowonjezera achotsedwe momwemo kuti masamu akhale oona. Zotsalazo ziyambe zatseka kabuku ka pa okala, kakatha ziyambe kupita ku masheya. Fizi ya teremu ino yatipeza kale, imeneyo tiyesa ya pambuyo pa Pasaka.

Atelala, mathaulo asanu ndi limodzi akwana matewera 12 aja, eti? Ndipo kupinda m'mphepete mumachita kuwerengera thewera lililonse kapena thaulo?