Utomoni wa paini pa mano a sowo, mumachotsa ndi chiyani?

Akuluakulu anzanga a ukalipentala, ndithandizeniko nzeru. Masiku ano ndikucheka kwambiri matabwa a paini a ku Chikangawa, ndipo utomoni wake wamatirira pa mano a sowo yamagetsi ndi pa mabiti (timipeni) a rauta, makina osemera m'mbali mwa matabwa, mpaka kuda bii. Sowo ikulemera podula, ndipo ndikaikapo mlombwa ikuwaula m'mbali mwa thabwa. Mano ake ndi a carbide, chitsulo cholimba kwambiri chija, sanabunthe ayi, vuto ndi utomoniwu basi.

Palafini amafewetsa ndithu, koma amachedwa, fungo lakenso limakhalitsa m'shedi. Ena akuti ndipopere mankhwala otsukira uvuni. Ineyo ndikuopa poti muli caustic soda. Kodi sangadye pamene anawotcherera manowo ku chitsulo? Dzino kuthothoka sowo ili mkati mozungulira si zamasewera.

Pa mabiti ndiye pali kaberingi kakang'ono kakunsonga kaja. Mumayamba mwakamasula musanaviike kuti girizi asachoke? Nanga popala, mswachi wakale ukwanira kapena pafunika burashi yamkuwa? Inu amene mumacheka paini tsiku ndi tsiku, mukatsuka mumapakapo chiyani kuti zisachite dzimbiri?