Jenereta ikulira bwinobwino pa test koma magetsi akazima usiku ikukana

Wa ku Matawale: Akuluakulu thandizeni mutu waima. Kuntchito tili ndi jenereta ya 250 kVA, Lolemba lililonse timailiza mphindi 10, checklist yonse tick tick, oyilo, madzi, malamba zonse zili bwino. Koma magetsi akazima usiku imangokrenka kenako fail to start pa panel mpaka munthu adzuke akailize pa manual. Abwana akufuna lipoti lakuti PM (sevisi yopewera kuwonongeka) tachita 100%, inde tachitadi, koma 100% yake iti makina akukana nthawi yomwe akufunikayo? Anzanga mumayeza bwanji kuti sevisi ikugwiradi ntchito?

Madala a Chinamwali: Ndi mabatire amenewo. Sinthani.

Wa ku Matawale: Akuwerenga 27V madala, chaja ilinso bho

Madala a Chinamwali: Mwayeza atangokhala pa chaja. Ikani mita pomwe ikukrenka muone mmene atsikire. Inu mumayesa masana kukutentha, Zomba usiku mukuidziwa kuzizira kwake, batire lofooka limaonekera pamenepo.

Mayi a ku Domasi: Achimwene funso lanu lomalizalo ndi lomwe a nyukiliya analimbana nalo kalekale. Ku America ali ndi lamulo la Maintenance Rule, linayamba kugwira ntchito 1996, limati usangoonetsa kuti sevisi wachita, uonetse kuti makinawo akugwiradi akafunika. Majenereta awo a emergency amawerenga kuti aitanidwa kangati, akana kangati, akhala maola angati asali okonzeka, ndipo poyesa amawasenzetsa lodi osati kungowaliza. Ndi zonsezo ku Forsmark, siteshoni ya magetsi a nyukiliya ku Sweden, mu 2006 awiri mwa majenereta anayi sanalowe okha, ndipo vuto silinali injini, linali mbali ya UPS, chipangizo cha mabatire chopereka magetsi mains ikazima. Ndiye inu test yanu ija mukudina batani pa panel, simukuyesa njira yomwe makina amadutsa usiku, ATS (switch yosintha yokha pakati pa mains ndi jenereta) ione kuti mains yapita, itumize signal, ilize, isinthe. Mu lipoti ikani mizere iwiri, PM 100% ndi pansi pake start demand zingati zakanika zingati. Abwana asankhe okha choyang'ana.

Wa ku Songani: Zoona mayi. Komanso kuliza dizilo opanda lodi sabata ndi sabata mukuipha, wet stacking, mafuta osapsa amaunjikana mu exhaust. Kwathu ina inayamba kudontha zakuda ngati phula pa joint ya exhaust, tinkati ma ring atha kumeneko kuli kusowa lodi, imafuna lodi ya 30% ya mphamvu yake kupita mmwamba. Ina nthawi ya mvula tinapeza madzi pansi pa thanki, cap inalibe rabala, water separator yodzadza palibe anaikhetsapo chaka chonse koma pepala linali losainidwa

Madala a Chinamwali: Madzi mu dizilo ikanakananso pa manual. Ikulola pa manual chifukwa mabatire apumula. Ndanena kale.

Mayi a ku Domasi: Mwina madala, koma mwinanso mpweya ukulowa mu line mafuta nkumabwerera ku thanki, ma crank atatu a auto amathera kukoka mafuta, wa manual nkupeza afika kale. Atsegule kaye event log ya controller.

Wa ku Songani: Chonde mukafuna kuzimitsa main breaker kuti muyese ATS musachite nokha, chenjezani onse amene ali ndi makina mkatimo, pakhale munthu pa emergency stop. Ndipo osakankha contactor ndi screwdriver, interlock mukaidumpha mubweza moto ku line muphe munthu ali pa pholo.

Madala a Chinamwali: Ndipo musasinthe batire limodzi lokha, sinthani onse awiri, latsopano ndi lakale pamodzi amaphana.

Wa ku Thondwe: Pepani ndalowerera, load bank (chipangizo chosenzetsa jenereta lodi poyesa) yobwereka imapezeka kuno ku Zomba kapena mpaka ku Blantyre? Yathu ndi 100 kVA koma lodi ya pamalopo siifika ndi kotala yomwe