Ogwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma kuno ku Mangochi, mumatani mphamvu zikatha ntchito isanathe?

Wa kutsidya kwa nyanja analemba kuti:

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimagwira ntchito m'bungwe lina lomwe si la boma, ndipo gawo langa ndi kuyendera midzi ya mbali ya Makanjira, kuphunzitsa za ukhondo ndi madzi abwino komanso kuyang'anira mavolontiya. Pa nthawi ya mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, pamene Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, tinkagwira ntchito osayang'ana kuti lero ndi Loweruka kapena Lamulungu, ndipo palibe amene ankadandaula chifukwa anthu ankamwalira. Mliriwo unatha, koma kagwiridwe ka ntchito koteroko kanakhazikika mpaka lero.

Panopa tulo sindikupeza, foni ikalira madzulo mtima umagunda poganiza kuti akufuna lipoti lina, ndipo m'mawa ndimadzuka ndili wotopa kale. Chimene chikundiopsa kwambiri n'chakuti mayi akandiimitsa kuti andifotokozere vuto la pakhomo pake, ndimangoona ngati akundichedwetsa, chonsecho anthu amenewa ndi amene ndinkawamvera chisoni kwambiri poyamba. Kupempha tchuthi ndikuopa, chifukwa kontirakiti yanga ndi ya chaka chimodzi, ndipo anzathu ambiri ntchito zinawathera pamene boma la America linaimitsa thandizo lake kumayambiriro kwa 2025. Kodi inu amene mwakhalitsa pa ntchito ngati iyi mumatani kuti musafike potheratu? Nanga zimene ndikumvazi ndi matenda, kapena ndi kutopa wamba?

Mayi wa mu ofesi, pa Boma, anayankha kuti:

Achimwene, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Ine ndakhala zaka zambiri ndikuyang'anira za ogwira ntchito m'mabungwe, ndipo ndiyamba ndi nkhani ya tchuthi chifukwa ndi pamene ambirife timadzimana tokha. Tchuthi si chifundo cha abwana ayi, ndi ufulu umene uli m'lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000, lija la Employment Act. Lamuloli likunena kuti munthu wogwira ntchito masiku 5 pa sabata apume masiku osachepera 15 pa chaka akulandira malipiro ake onse, ndipo wogwira masiku 6 pa sabata apume masiku 18. Likunenanso kuti maola a ntchito, osawerengera a ovataimu, asapitirire 48 pa sabata, komanso kuti munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana osapatsidwa maola 24 opuma. Amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito, akadwala ndipo achipatala atsimikiza, amapatsidwa masabata 4 a malipiro onse ndi masabata ena 8 a theka la malipiro. Mabungwe omwe si aboma sali kunja kwa lamuloli, ngakhale kuti ntchito yawo ndi yothandiza anthu.

Mantha anu ndikuwamvetsa, ndipo sindikuwachepetsa. Koma pa zimene ndaona, kontirakiti imatha chifukwa ndalama za pulojekiti zatha, osati chifukwa munthu anapuma masabata atatu; amene sanapumeko n'komwe nawonso analandira makalata tsiku limodzi ndi anzawo. Choncho lembani kalata yopempha tchuthi, musangonena pakamwa. Musankhe nthawi imene lipoti la miyezi itatu langotumizidwa kumene, ndipo mutchule mnzanu amene agwirizire ntchito yanu mukachokapo. Abwana ambiri amakana poopa kuti ntchito iima, ndiye mukawaonetsa kuti siima, kukanako kumawavuta. Akakanabe popanda chifukwa chomveka, ofesi ya boma yoona za apantchito ilipo, ndipo kupita kukafunsa nzeru kumeneko si kuukira aliyense.

Namwino wa ku Namwera anayankha kuti:

Ndiyankhe funso lanu lachiwiri lija, achimwene. M'chaka cha 2019 bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linafotokoza kuti kutheratu mphamvu kotere si matenda paokha, koma ndi vuto lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa kuntchito kumene kwakhalitsa popanda kukonzedwa. Linatchula zizindikiro zitatu, zomwe ndi kutopa kosatha, kuzizira mtima pa ntchito imene unkaikonda, ndi kuona kuti ntchito sikukuyenderanso bwino. Zimene mwanena zokhudza mayi uja zikugwera pa chizindikiro chachiwiri, kotero musadziweruze kuti mwasanduka munthu woipa mtima. Chitsime chimene chimatungidwa usana ndi usiku osachipatsa mpata chimayamba kutulutsa matope, koma si kuti kasupe wake wauma.

Komabe pali malire amene ndikupempha kuti muwayang'anitsitse. Ngati kukhumudwako kukukutsatirani mpaka kunyumba ngakhale pa tsiku lopuma, chakudya sichikukomanso, simukufuna kucheza ndi ana kapena anzanu, mwayamba kudalira mowa kapena mapiritsi kuti mugone, pamenepo nkhani yapitirira kutopa kwa kuntchito ndipo ikufunika achipatala. Maganizo ofuna kudzipha akangobwera, muuze munthu amene mumamukhulupirira ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Ambiri akamva za thanzi la m'maganizo amangoganiza za ku Zomba Mental Hospital n'kuchita manyazi, chonsecho thandizo limayambira pa chipatala chachikulu cha boma lathu lino, ndipo anthu ambiri amathandizidwa ndi uphungu akugona kunyumba kwawo. A St John of God nawonso amapereka thandizo lotere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mukapita mukayezetsenso kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi, popeza nthawi zina kufooka kumachokera kumeneko. Ndikunena izi motsindika chifukwa abambo ndi amene mumachedwa kwambiri kubwera kwa ife.

Bambo wa ku Monkey Bay anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi amayi awiriwa, koma ndikuona kuti tchuthi pachokha sichikwanira. Munthu amapuma masabata atatu, pobwerera n'kupeza malipoti aunjikana, ndipo sabata isanathe ali pomwe analili. Vuto lalikulu lili pa mmene timagawira ntchito. Mapulojekiti ambiri amalembedwa ndi anthu amene sadziwa kuti msewu wa ku Makanjira umakhala bwanji nthawi ya dzinja, ndiye amaika midzi yambiri pa munthu mmodzi ndi njinga yamoto imodzi, ndipo wa ku filidi akalephera kufika konse amadziona wolakwa. Zimenezi zimafunika kuzinena pa msonkhano, mothandizana ndi anzanu, muli ndi manambala m'manja: makilomita, mafuta ndi maola amene mudzi umodzi umatenga.

Kuntchito kwathu tinagwirizana kuti uthenga wa ntchito wa pa WhatsApp ukabwera dzuwa litalowa uziyankhidwa m'mawa, pokhapokha ngati pagwa ngozi, ndiponso kuti Lachisanu masana ndi Lamulungu m'mawa pasamaikidwe zochita, kuti wopita kumzikiti ndi wopita kutchalitchi apemphere mtima uli m'malo. Tikachokera kumudzi kumene taona zowawa, monga maliro a mwana kapena banja limene nyumba yawo yalowa madzi, timakhala pansi kaye n'kukambirana tisanabalalike.

Palinso katundu wina amene sititchula. Wogwira ntchito m'bungwe amaonedwa ngati wandalama, ndiye fizi ya ana a achibale, feteleza ndi maliro zonse zimafikira iye, chonsecho kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 malipiro a ambiri sakukwaniranso. Kuthandiza abale ndi khalidwe lathu ndipo sindikuti tisiye, koma ndi bwino kukhala pansi ndi akunyumba n'kuika ndalama imene mungathe kupereka pa mwezi, m'malo mothamangira katapila.

Wa kutsidya kwa nyanja anayankhanso kuti:

Zikomo kwambiri amayi ndi abambo. Kalata ya tchuthi ndilemba tikangotumiza lipoti likubwerali, ndipo kuchipatala ndipita sabata ino chifukwa zina mwa zimene anamwino atchula zikundichitikira. Nkhani ya mauthenga a usiku ndikaitula pa msonkhano wa Lolemba. Koma pamene ndimawerenga za malamulo aja ndaganizira mavolontiya amene ndimawayang'anira. Iwo alibe kontirakiti kapena tchuthi, amayenda wapansi dzuwa lathuli likuswa mtengo, ndipo ena ndikuona kuti afika pamene ndafika ine. Mayi wa mu ofesi, kodi alipo amene anapezapo njira yowapumitsira mosinthana popanda kuwachotsera kangachepe kamene amalandira?