Thandizeni: gradient ikukana kuyenda pa pattern yonse mu Inkscape

Wofunsa:
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene mumagwiritsa ntchito Inkscape, pulogalamu yojambulira pa kompyuta, ine ndili ndi 1.3 pa laputopu. Ndikukonza chikwangwani cha msonkhano wa achinyamata kumpingo kwathu. Pakati pake pali mapu a Malawi, ndipo mkati mwa mapuwo ndadzazamo timakona atatu tobwerezabwereza ngati ta pachitenje. Ndikufuna mtundu uyambe wofiira ku Chitipa, uzisintha pang'onopang'ono mpaka ukafike wobiriwira ku Nsanje, koma ukhale pa timakonato basi. Mipata yapakati ikhale yopanda kanthu kuti kuda kwa kumbuyo kuzioneka.

Ndikasankha mapuwo n'kudina gradient (kusintha kwa mtundu kuja) mu Fill and Stroke, pattern ya timakona ija imasowa, mapu onse n'kungokhala osalala. Ndikaika gradient pa kakona kamodzi ndisanapange pattern, kakona kalikonse kakumakhala ndi kufiira ndi kubiriwira kwakekwake, maso mpaka kuwawa. Pattern to Objects nayo yangondibwezera kachidutswa kamodzi. Osindikiza akufuna PDF. Ndipange bwanji abale?

Woyankha woyamba:
Achimwene, pulogalamuyo sinalakwe. Mu SVG, mtundu wa mafayilo a Inkscape, chinthu chimodzi chimalandira fill (chodzaza mkati) imodzi yokha, kaya mtundu wamba, gradient kapena pattern, ndiye mukaika chatsopano chakale chimachoka. Komanso pattern ndi kachidutswa kamodzi komwe kompyuta imangokajambula mobwereza, n'chifukwa chake gradient yanu ikubwerezedwanso.

Njira yachidule ndi mask. Dinani Ctrl+D kuti mapu akhale awiri. Apansi muwapatse gradient, apamwamba muwapatse pattern ya timakona toyera. Sankhani onse awiri, pitani pa Object, Mask, Set Mask. Pamene pali poyera mtundu wapansi uoneka, pamipata sipaoneka kanthu. Timakonato tikhale toyera mbee, tikakhala totuwa mitundu ituluka yofooka.

Woyankha wachiwiri:
Mask ndi yabwino ngati mukufuna PNG yoponya pa WhatsApp kapena Facebook. Koma mwamva kuti akupita nazo kosindikiza? Mask ikalowa mu PDF nthawi zina imasanduka chithunzi cha madontho, kapena pulogalamu ina imaiwerenga mwa njira yake, ndiye pachikwangwani chachikulu m'mphepete mumaoneka manomano. Ine sindingaike ndalama za mpingo pamenepo.

Iwalani za pattern fill, pangani timakona tenitenti. Tengani kachidutswa kanu, pitani pa Edit, Clone, Create Tiled Clones, mudzaze malo okulirapo kuposa mapuwo. Sankhani tonse, Shift+Alt+D kuti tileke kukhala ma clone (makope omangika ku kachidutswa koyamba), Shift+Ctrl+C kuti tikhale ma path, kenako Path, Union. Apa tonse tasanduka chinthu chimodzi, ndipo chinsinsi chagona pomwepo, chifukwa gradient imayenda pa chinthu chimodzi kuchokera uku mpaka uko. Mukatero sankhani timakonato pamodzi ndi mapu, mupange Path, Intersection. Chotsalacho ndi timakona todulidwa motsata malire a dziko. Dinani G, mukoke kuchokera kumpoto kutsikira kumwera mutagwira Ctrl kuti mzere usapendeke.

Musanayambe sungani kope la mapu pambali, Intersection imadya zonse ziwiri.

Wofunsa:
Zikomo akuluakulu. Ndatsatira njira yachiwiriyi mpaka pa Union zayenda, koma ndikapanga Intersection zonse zikungosowa, tsamba kuyera. Komanso timizere tomwe tinali pakati pa timakona tapita.

Woyankha wachiwiri:
Mapu anuwo ali ndi Likoma ndi Chizumulu eti? Ngati zilumbazo zili pazokha, ndiye kuti mwasankha zinthu zinayi, ndipo Intersection imasunga malo okhawo amene zonse zakumana. Likoma ndi kumtunda sizikumana paliponse, ndiye sipatsala kanthu. Masulani gulu la mapuwo ndi Shift+Ctrl+G, sankhani kumtunda ndi zilumba, Ctrl+K kuti zikhale path imodzi, mubwerezenso.

Timizere tija ndi stroke, tilibe mkati. Bwererani ku kachidutswa koyamba, mupange Path, Stroke to Path musanapange ma clone. Ena amakonda Combine m'malo mwa Union pa timakonato chifukwa siilemetsa kompyuta, koma pamene tiwiri tasanjikizana pamatha kubooka. Kumbukirani kuti kachidutswa koyamba kamatsala kunsi kwa clone yoyamba, mukapanga Combine musanakachotse mudzangoona kakona kamodzi kasowa pangodya osadziwa chachitika.

Woyankha wachitatu:
Inu a Inkscape mumavutika bwanji kkkk. Ku CorelDRAW timangosankha tonse, Ctrl+L, F11 kuika fountain fill, PowerClip kulowetsa m'mapu, basi tikamwe tiyi. Ndipo malo ambiri osindikizira m'tauni muno mukapeza Corel yomweyo.

Woyankha woyamba:
Bwana, musawasokoneze. Akadina Ctrl+L mu Inkscape ndiye Simplify, timakona tawo tonse tipindika. Koma mwakumbutsa zabwino: ngakhale mu Inkscape akhoza kusiya Intersection n'kugwiritsa ntchito Set Clip, mapu ali pamwamba. Ubwino wake akhoza kudzasunthabe pattern pambuyo pake. Kwa a Illustrator ndi Ctrl+8 kupanga compound path, nzeru yake ndi yomweyi.

Woyankha wachinayi:
Ine ndiyankhulepo za mitundu, poti azibambo mwatanganidwa ndi mabatani. Achimwene, kufiira kukamapita ku kubiriwira, pakati pamatuluka mtundu wa matope. Pa mapu anuwo Kasungu ndi Lilongwe ndi amene adzaoneke akuda bii, ndipo kumbuyo n'kwakuda kale, timakona ta m'chigawo chapakati tidzamira. Dinani kawiri pakati pa mzere wa gradient, paoneka stop yatsopano (poikira mtundu wina), muipatse chikasu. Ndikudziwa kuti pa mbendera palibe chikasu, koma munthu woima patali adzaona mapu athunthu.

China, Inkscape imagwira ntchito mu RGB (mitundu ya pa sikirini) pomwe makina osindikizira ndi a CMYK (mitundu ya inki), ndiye kubiriwira kowala kwa pa sikirini kumatuluka kozimirira. Apempheni akusindikizireni kachidutswa kakang'ono muone kaye. Ndipo mukadzafuna kuika zomwezi pa malaya ndi screen printing, funsiranitu, gradient kumeneko imafuna halftone (timadontho tating'onoting'ono), si aliyense amaipanga bwino.

Wofunsa:
Achemwali, za chikasuzo ndaona, Lilongwe waonekadi. Zilumba nazo zabwera nditapanga Ctrl+K. Chatsala n'chakuti laputopu ikumaima nthawi yaitali ndikapanga Union, mwina timakona tachuluka. Ndikatikulitsa kuti tichepe, Chizumulu chikungolandira theka la kakona kamodzi. Ndingapange zilumbazo padera ndi timakona tating'ono koma gradient n'kukhalabe imodzi?

Woyankha wachiwiri:
Zitheka. Dulani zilumbazo padera ndi timakona take tating'ono, kumtunda ndi tokulirapo. Mukamaliza ma Intersection onse, sankhani zonse, Ctrl+K, kenako muike gradient komaliza. Likoma atenga mtundu wa pamene ali pamzerewo, wofanana ndi wa Nkhata Bay.