Kamera ikasintha, njinga ya mugemu yanga ikusochera

Akuluakulu a pagulu pano, ndigaireni nzeru. Ndili ku Kasungu, ndikupanga kagemu ka kabaza pa Godot 4 (pulogalamu yopangira magemu) madzulo ndikaweruka. Wosewera amanyamula anthu pa depoti n'kukawatula kumsika, akuzemba maminibasi ndi mbuzi mumsewu wa M1.

Poyamba kamera inali m'mwamba, kuyang'ana pansi ngati kabawi. Mng'ono wanga atasewera anati liwiro silikumveka, ndiye ndinaika kamera (Camera3D) ina kumbuyo kwa njinga. Ukadina batani la C, lamulo la make_current() limasintha kamera bwinobwino. Koma ndikakhota n'kudina W, batani lopitira kutsogolo, njinga ikupitabe komwe inkalowera poyamba, osati komwe yaloza. Komanso ndikadutsa mphepete mwa golosale kamera ikumira m'khoma. Laputopu ndi ya RAM 4 GB, ndili pa Compatibility (njira ya Godot yojambulira zithunzi pa makompyuta ofooka), za Unreal, pulogalamu ina yolemera yopangira magemu, musanditchulire chonde.

Mayankho

Wa ku Mchinji: Achimwene, kamera ilibe mlandu. Code yanu ikukankha njinga kulowera ku -Z (mbali imene Godot imaitenga ngati kutsogolo) ya dziko lonse la gemuyo. Kuchokera m'mwamba simunkazindikira chifukwa -Z yo inali kumtunda kwa sikirini. Pangani kuti W izikankha kutsata -global_basis.z ya njinga yeniyeniyo, ndiye kuti komwe yaloza, A ndi D zizingokhotetsa handulo. Mukatero kamera iliyonse igwira.

Wachiwiri: Zoona, koma anthu akamaonera m'mwamba amayembekeza kuti W ndi kumtunda kwa sikirini. Njinga ikayang'ana kumunsi, kumanja ndi kumanzere kumatembenuka, ena amasokonezeka. Ine ndikanasankha kamera imodzi, yakumbuyoyo, n'kuikonza mpaka ikome. Makamera awiri ndi ntchito ziwiri, inu muli nokha.

Wachitatu: Za khoma, ikani SpringArm3D (ndodo yosaoneka yogwira kamera) panjinga, kamera ikhale mwana wake, kutalika kwake (spring_length) muyambe ndi 4. Ikakumana ndi khoma imadzifupikitsa yokha. Koma golosaleyo ikhale ndi CollisionShape3D (yomwe imapangitsa khoma kukhala logundika), ndipo njingayo muichotse pa zinthu zomwe ndodoyo imagunda ndi add_excluded_object, apo ayi kamera idzakakamira pamsana pa wakabaza.

Wina: Nanga wokwera akakana kulipira pali batani lomuthamangitsa? Ikatuluka mutiuze bwana.

Wachitatu: Ndaiwala china. Ngati musunge makamera onse awiri, osadumpha mwadzidzidzi, zimachititsa chizungulire. Kamera imodzi iziyenda ndi Tween (yosunthira zinthu pang'onopang'ono) kwa theka la sekondi. Yam'mwambayo ikakhala orthogonal (zakutali sizichepa) siisakanikirana bwino ndi perspective (zakutali zimachepa), bola perspective ya FOV (kukula kwa malo omwe kamera ikuona) yochepa yoikidwa patali.

Mwini funso: Zikomo nonse. SpringArm3D yagwira, makoma sakundimezanso, njinga nayo ikumvera. Yam'mwamba sindiitaya, ndiisiya ngati mapu oonera komwe kuli makasitomala. Koma tsopano njinga ikathamanga chithunzi chikunjenjemera. Njinga ili mu _physics_process, kamera ndikuitembenuza mu _process, zigawo ziwiri za code zomwe siziyendera limodzi. Ndaona kuti physics interpolation ya 3D, yomwe imasalaza kayendedwe ka zinthu, inabwera mu Godot 4.4, ine ndikadali pa 4.2. Ndikweze kaye, kapena pali njira ina? Bandulo yatsala pang'ono.